Manambala awiri amene odwala shuga ambiri sawawerenga

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga, maganizo ake onse amathera pa shuga basi. Amasiya kuthira shuga mu tiyi, amayamba kudya mgaiwa, amafunsa ngati nthochi zakupsa n'zololedwa, ndipo tsiku la kliniki likafika chimene amadikira ndi mtima wonse ndi nambala yotuluka pa kamakina kobaya chala kaja. Ikatsika amabwerera kunyumba akumwetulira. Koma tsiku lomwelo namwino amakhala atamumanganso lamba pamkono n'kulemba manambala awiri a BP, kuthamanga kwa magazi, m'buku lake la kuchipatala, mwina 158/96. Ambiri sawayang'ana n'komwe manambala amenewa. Chikhalirecho, pa zinthu zimene zimapha kapena kulumaza anthu odwala shuga, gawo lalikulu limachokera pomwepo.

Alipo ndithu amene amamwalira chifukwa shuga wakwera kapena watsika mwadzidzidzi, makamaka ana ndi achinyamata amene moyo wawo umadalira jakisoni wa insulini. Koma akuluakulu amene ali ndi shuga wa mtundu wachiwiri, omwe ndiwo ochuluka, chimene chimawagoneka pamphasa pamapeto pake ndi sitiroko, matenda a mtima ndi kufa kwa impso. Zitatu zonsezi gwero lake ndi mitsempha ya magazi. Shuga amaiwononga mitsemphayo pang'onopang'ono, BP n'kumafulumizitsa ntchitoyo. Kungokhala ndi shuga kokha kumachulukitsa pafupifupi kawiri mpata woti munthu adwale mtima kapena sitiroko. BP ikakwera, ngozi ina imasanjikizika pamwamba pa imeneyo.

Matenda awiriwa amapezeka mwa munthu mmodzi kawirikawiri. Ku Britain, kafukufuku amene anatuluka mu 1993 anapeza kuti pa anthu 100 alionse amene anali atangopezeka kumene ndi shuga wa mtundu wachiwiri, 39 anali kale ndi BP yokwera, ndipotu malire amene ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyo anali apamwamba kuposa a masiku ano. Kwathu kuno, madokotala anaunika odwala 620 a pa kliniki ya shuga ya pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, zotsatira zake n'kutuluka mu 2010. Oposa theka nambala yawo yam'mwamba ya BP inali yopitirira 140. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse impso zinali zitayamba kuwonongeka, ndipo amene maso anali atakhudzidwa analinso ochuluka chimodzimodzi. Amenewatu anali anthu oyenda kale ku chipatala chachikulu. Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU, amene anachitika ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016 ndipo anafikira anthu pafupifupi 29,000, anasonyeza kuti oposa theka la amene anapezeka ndi BP yokwera sankadziwa kuti ali nayo.

Kusadziwako n'kosadabwitsa, chifukwa BP simveka m'thupi. Ambiri amati amaidziwa ikakwera chifukwa mutu umawawa kunkhongo kapena mtima umagunda kwambiri. Zoona zake n'zakuti munthu angathe kulima munda wonse, kudya bwino, kugona tulo tabwino, BP yake ili pa 170/100 kwa zaka. Mutu umawawa pa zifukwa zambirimbiri, ndipo wodikira mutu kuti amwe mankhwala amakhala masiku ambiri osamwa pamene akufunika kumwa.

Chimene chimamangirira shuga ndi BP pamodzi

Nambala yam'mwamba ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha pamene mtima wafinya. Yam'munsi ndi mphamvu yotsala pamene mtima ukupumula kudikira kugunda kwina. Wamkulu wathanzi amakhala cha m'ma 120/80 kapena kucheperapo. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamasiku osiyana, achipatala amati munthuyo ali ndi BP.

Shuga wa mtundu wachiwiri amayamba thupi likasiya kumvera insulini, timadzi tochokera ku kapamba tolowetsa shuga m'minofu. Kapamba akaona kuti shuga sakulowa bwino m'minofu amawonjezera insulini, ndipo kwa zaka zingapo zimenezi zimathandiza: shuga wa m'magazi amaoneka wabwinobwino, munthu osadziwa kanthu. Koma insulini yochulukayo ili ndi ntchito zina. Imachititsa impso kusunga mchere m'malo moutaya mumkodzo, ndipo pamene pakhala mchere madzi amakhalanso, magazi n'kuchuluka m'mitsempha. Imadzutsanso minyewa imene imafinya mitsempha ndi kufulumizitsa mtima. Mafuta a pamimba, amene nthawi zambiri ndiwo amayambitsa kusamvera insulini kuja, nawo amatulutsa timadzi tokweza BP. N'chifukwa chake anthu ambiri BP imawapeza poyamba, shuga n'kudzaonekera patapita zaka. Amene ali ndi BP ndiponso mimba yayamba kutsogola ayenera kumayezetsa shuga ngakhale sakumva ludzu kapena kukodza pafupipafupi.

Shuga akakhazikika amawonjezera vuto lina. Amamatirira ku makoma a mitsempha n'kuwalimbitsa. Mtsempha wathanzi umatamuka mtima ukafinya, kenako n'kubwerera. Wouma sutamuka, choncho mphamvu yonse ya kugunda kwa mtima imakafika mpaka ku timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, m'maso ndi mu impso. Apa m'pamene pamachokera manambala ngati 165/70, amene amapezeka kwambiri mwa achikulire odwala shuga. Ena akaona 70 amalimba mtima kuti zili bwino. Sizili bwino. Kutalikirana kwa manambala awiriwo ndi chizindikiro choti mitsempha yauma, ndipo munthu akapitirira zaka 50 nambala yam'mwamba ndi imene imalosera bwino za sitiroko.

Kwa a shuga wa mtundu woyamba nkhani yake ndi ina. Iwowa nthawi zambiri amayamba ali aang'ono, osanenepa, BP ili bwino. Ikayamba kukwera patapita zaka, kawirikawiri ndiye kuti impso zayamba kukhudzidwa, ndipo mnyamata wa zaka 25 wobaya insulini akapezeka ndi 145/92 si nkhani yoti tionana mwezi wamawa.

Impso

Pa ziwalo zonse, impso ndi pamene shuga ndi BP zimathandizana kwambiri kuwononga. Impso iliyonse ili ndi tosefera ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Tsiku lililonse impso ziwirizi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi, n'kubweza pafupifupi onse, kusiya lita imodzi kapena awiri a mkodzo. Taganizani za sefa yosefera ufa imene waya wake wayamba dzimbiri. Mukamaigwedeza mwaulemu ikhoza kukutumikirani nthawi ndithu. Koma mukamakanikiza ufawo ndi chikhatho tsiku ndi tsiku, timabowo timakula, misere n'kuyamba kudutsa. Dzimbiri lija ndi shuga, chikhatho ndi BP.

Chimene chimayamba kudutsa mu impso ndi puloteni ya m'magazi yotchedwa albumin, imene siyenera kupezeka mumkodzo. Poyamba imatuluka yochepa kwambiri moti maso sangaione, koma kuyeza mkodzo kumaionetsa. Iyi ndi nthawi imene mankhwala amathandiza koposa. Pambuyo pake mkodzo umayamba kuchita thovu losaphwa msanga, mapazi amatupa, m'mawa nkhope imadzuka yotupa. Tosefera takufa sitiphukanso. Totsalato timagwira ntchito yowirikiza n'kumatopa msanga. Choipa kwambiri n'chakuti impso yovulala imatulutsa timadzi totchedwa renin tokweza BP, komanso imalephera kutaya mchere, ndiye BP imakwera, impso n'kuwonongeka kwambiri, BP n'kukweranso. Zonsezi zimachitika popanda kupweteka kulikonse. Kuwawa kwa msana kumene ambiri amati ndi impso nthawi zambiri si impso.

Mapeto a njira imeneyi ndi makina osefa magazi a dialysis. M'zipatala za boma ku Malawi makinawa akhala akupezeka makamaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ofuna thandizoli amaposa malo amene alipo. Munthu amakhala pa makina maola pafupifupi 4 ulendo uliwonse, kawiri kapena katatu pa mlungu, moyo wake wonse, pokhapokha atapatsidwa impso ina kunja kwa dziko. Wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ndiye kuti asamuke. Mapiritsi a BP a chaka chathunthu mtengo wake sufika n'komwe pafupi ndi zimenezi.

M'maso zimachitika zofanana. Timitsempha ta kuseri kwa diso tofooketsedwa ndi shuga timadontha kapena kuphulika msanga BP ikakhala yokwera, ndipo munthu amatha kuona bwinobwino mpaka tsiku limene magazi adzatayikire m'kati mwa diso.

Zimene anapeza ku Britain

Mpaka m'zaka za m'ma 1990, madokotala ambiri ankaona BP ya wodwala shuga ngati nkhani yapambali. Chimene chinasintha maganizo ndi kafukufuku wamkulu wa UKPDS, amene anayamba mu 1977 motsogoleredwa ndi Robert Turner wa ku Oxford, zotsatira zake n'kutuluka mu 1998. Mwa odwala shuga oposa 5,000 amene analowa m'kafukufukuyu, 1,148 amene analinso ndi BP anagawidwa pawiri. Gulu lina anayesetsa kulitsitsa BP mwamphamvu, linalo mwapang'ono. Patatha zaka 8 ndi miyezi ingapo, gulu loyamba linkakhala cha pa 144/82, lachiwiri pa 154/87.

Kusiyanaku kukuoneka kochepa, 10 yokha m'mwamba ndi 5 m'munsi. Koma m'gulu loyamba sitiroko inachepa ndi 44 peresenti, imfa zokhudzana ndi shuga ndi 32 peresenti, ndipo kuwonongeka kwa timitsempha ting'onoting'ono, makamaka ta m'maso, ndi 37 peresenti. Kafukufuku yemweyo anayesanso kutsitsa shuga mwamphamvu. Kumeneko mavuto onse a shuga ataphatikizidwa anachepa ndi 12 peresenti, a timitsempha ting'onoting'ono ndi 25 peresenti, koma sitiroko sinachepe. Ndiye kuti pa zaka zimenezo, kutsitsa BP kunapulumutsa anthu ambiri kuposa kutsitsa shuga.

Sindikunena kuti shuga asiyidwe. Ofufuzawo anapitiriza kutsatira anthu omwewo kwa zaka zina 10, ndipo zimene analengeza mu 2008 zikuphunzitsa zinthu ziwiri. Amene shuga wawo anasamalidwa bwino kuyambira pachiyambi anapitiriza kupindula, matenda a mtima ndi imfa zinachepa, ngakhale kuti pambuyo pake shuga wawo anadzafanana ndi wa anzawo. BP sinatero. Magulu awiri aja BP yawo itangofanana, phindu lonse linazimiririka. Mapiritsi a BP amateteza nthawi yokhayo imene akumwedwa. Amene amasiya chifukwa nambala yatsika amaiwala kuti yatsika chifukwa cha mapiritsiwo.

Chinanso chimene UKPDS inaonetsa n'chakuti mtundu umodzi wa mankhwala nthawi zambiri sukwanira. Pofika chaka cha 9, pafupifupi mmodzi mwa atatu a m'gulu loyamba lija ankamwa mitundu itatu kapena kuposa. Choncho adokotala akakuwonjezerani piritsi lachiwiri kapena lachitatu, sikuti mwatsala pang'ono kufa. Ndi mmene BP ya munthu wa shuga imakhalira.

Itsike mpaka pati?

Apa akatswiri akhala akukangana kwa zaka zambiri. Mu 2010 kafukufuku wa ACCORD wa ku America ndi Canada, wa odwala shuga 4,733, anayerekeza kutsitsa nambala yam'mwamba kufika pansi pa 120 ndi kuisiya pansi pa 140. Sitiroko inachepa mwa amene anatsitsidwa kwambiri, koma mavuto onse a mtima ataphatikizidwa kusiyana kwake sikunali kokhutiritsa, ndipo kutsika kwa BP mopitirira muyeso ndi kusokonekera kwa impso zinachuluka. Kenako mu 2024 kunatuluka kafukufuku wa BPROAD wa ku China, wa odwala shuga 12,821 a zaka 50 kapena kuposa, amene anapeza kuti kulinga pansi pa 120 kunachepetsa sitiroko, matenda a mtima ndi imfa zochokera kumeneko ndi 21 peresenti.

Bungwe la WHO m'malangizo ake a 2021 limati aliyense wa BP afike pansi pa 140/90, ndipo wa shuga ndi bwino nambala yam'mwamba ifike pansi pa 130. Bungwe la American Diabetes Association limati pansi pa 130/80. Kuona kwanga n'kwakuti mkangano wa 120 kapena 130 ndi wa anthu amene anafika kale pansi pa 140. Wodwala amene buku lake likuonetsa 165, 170, 160 miyezi yotsatizana phindu lake lalikulu lili pa kuchoka pamenepo kufika m'ma 130. Ndipo kwa agogo ofooka, kapena amene akhala ndi shuga zaka zambiri mpaka minyewa inawonongeka, kutsitsa kwambiri kuli ndi ngozi yake. Oterewa BP imatha kugwa akangoimirira, n'kuchita chidima m'maso mpaka kugwa pansi. Ngati zimenezi zimakuchitikirani, pemphani kuti akuyezeni mutakhala pansi kenako mutaimirira.

Kayezedwe nako kamasokoneza zambiri. Munthu wayenda mtunda kapena wapalasa njinga padzuwa, waima pamzere, mkodzo wamugwira, kenako akumuyeza pamwamba pa juzi uku akuyankha mafunso. Nambala yotuluka pamenepo si yake yeniyeni. Pamafunika kukhala phee mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono utagona patebulo molingana ndi mtima, osalankhula. Lamba wochepa pamkono waukulu amakweza nambala, ndipo odwala shuga ambiri mikono yawo ndi yaikulu. Palinso ena amene kuchipatala BP imaoneka bwino koma kunyumba ndi usiku imakhala yokwera, zomwe zimachitika kawirikawiri mwa anthu a shuga. Amene angakwanitse kugula makina akeake agule omanga pamkono osati padzanja, aziyeza m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, n'kumalemba m'kope. Makina amodzi angathe kutumikira banja lonse ngakhale mpingo.

Mapiritsiwo

Mankhwala a BP amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu ndi hydrochlorothiazide, amene ambiri amangoti HCTZ, amlodipine, nifedipine, enalapril, captopril ndi atenolol. Onse amatsitsa BP, koma kwa munthu wa shuga sali ofanana.

Enalapril ndi captopril, pamodzi ndi losartan amene amagwira ntchito mofananako, ali ndi ubwino wapadera: amachepetsa mphamvu ya magazi m'kati mwa tosefera ta impso, choncho amachepetsa kudontha kwa albumin ndi kuchedwetsa kufa kwa impso. Izi zinatsimikizika pa captopril mu 1993 ndipo pa losartan mu 2001. Wodwala shuga amene mkodzo wake wapezeka ndi puloteni amayenera kukhala pa amodzi mwa amenewa, pokhapokha patakhala chifukwa choletsa. Ali ndi zovuta zake. Enalapril ndi captopril amayambitsa chifuwa chouma chokereketa pakhosi mwa anthu ena, ndipo ena amathera ndalama pa mankhwala a chifuwa kapena kuyezetsa TB osadziwa kuti gwero ndi piritsi. Njira yake ndi kusinthira ku losartan, osati kungosiya. Mwa apo ndi apo amatupitsa milomo, lilime kapena kukhosi, zimene zimachitika kwambiri mwa anthu akuda kuposa azungu, ndipo zikatero ndi zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo. Enalapril ndi losartan samwedwa pamodzi. Akayambidwa pamafunika kuyeza magazi pakapita milungu yochepa kuti aone creatinine, amene amasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, ndi mchere wa m'magazi wotchedwa potassium.

Amayi amvetse ichi: enalapril, captopril ndi losartan amavulaza mwana m'mimba. Mayi wa shuga ndi BP amene akufuna kutenga pakati, kapena wazindikira kuti waima, apite kuchipatala msanga akamusinthire ku mankhwala ngati methyldopa kapena nifedipine. Mayi wotere alinso pangozi yaikulu ya BP ya pakati ija yotupitsa ndi kukomola, choncho sikelo ayambe molawirira.

Pali china chokhudza ife anthu akuda. Enalapril payekha satsitsa BP yathu mwamphamvu ngati mmene amachitira kwa azungu. Kafukufuku wa CREOLE, amene anatuluka mu 2019 motsogoleredwa ndi Dike Ojji wa ku Nigeria, anayesa anthu 728 a BP m'maiko 6 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa. Anapeza kuti kuphatikiza amlodipine ndi HCTZ, kapena amlodipine ndi perindopril amene ndi mbale wake wa enalapril, kunatsitsa BP kuposa perindopril ndi HCTZ. Kwa wodwala shuga wakwathu, amlodipine ndi enalapril pamodzi zimagwira mbali zonse ziwiri: wina kutsitsa nambala, wina kutchinjiriza impso. Amlodipine amatupitsa akakolo mwa anthu ena, ndipo kutupa kumeneku sikutanthauza kuti impso zafa, ngakhale ndi bwino kuwaonetsa adokotala.

HCTZ amakweza shuga pang'ono, koma pa mlingo wochepa umene umaperekedwa masiku ano ubwino wake umaposa vutolo. Atenolol ndi propranolol ndi ofunika kuchenjera nawo kwa amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a shuga a glibenclamide. Shuga akatsika kwambiri thupi limachenjeza ndi kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima, ndipo mankhwala awiriwa amaphimba zizindikiro zimenezo. Chimene chimatsala ndi thukuta. Wakumwa atenolol akangoyamba thukuta losadziwika bwino aganize za shuga. Atenolol sasiyidwanso mwadzidzidzi, chifukwa mtima umatha kuthamanga moopsa.

Aspirin si mankhwala a BP, ngakhale ambiri amamwa tsiku ndi tsiku poganiza kuti akusungunula magazi. Ali ndi ntchito yake kwa amene anadwalapo mtima kapena mtundu wina wa sitiroko, koma kumwa mwa wekha BP ili yokwera kumawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba kapena mu ubongo. Oopsa kwambiri ndi mankhwala opha ululu amene timagula mosavuta: Brufen, diclofenac ndi Indocid. Amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mapiritsi a BP, ndipo akakumana ndi enalapril ndi HCTZ m'thupi la munthu wa shuga angathe kuimitsa impso m'masiku ochepa. Achikulire a mawondo ndi msana ndiwo amawamwa kwambiri. Panado ndiye wosaopsa ku impso akamwedwa pa mlingo wake. Ngozi yofananayo imabwera munthu akatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri: thupi likauma, enalapril ndi HCTZ zimalemetsa impso, ndipo mapiritsi a shuga a metformin amachuluka m'magazi, choncho afike kuchipatala tsiku lomwelo akauzidwe oti ayambe waimitsa.

Kunja kukutchuka mankhwala atsopano a shuga monga empagliflozin ndi dapagliflozin, amene amataya shuga kudzera mumkodzo, amatsitsako BP pang'ono ndiponso amateteza impso ndi mtima. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021, koma kwathu kuno mtengo wake ukadali wolemera kwa ambiri.

Mchere

Wodwala shuga amalangizidwa kwambiri za nsima, mpunga ndi zakumwa zotsekemera, koma za mchere amangouzidwa modutsa. Chikhalirecho anthu a shuga, komanso anthu akuda ambiri, BP yawo imamva mchere msanga. WHO imati wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kapena kuti supuni yaing'ono ya tiyi yosadzaza bwino, kuwerengera zonse zimene wadya tsikulo. Mwayi wathu ndi wakuti mchere wambiri timathira tokha mumphika ndi pambale, kusiyana ndi maiko amene chakudya chambiri n'chogula chophikaphika. Wophika akachepetsa pang'onopang'ono, lilime limazolowera m'milungu yochepa, ndipo ndi bwino kuchepetsera banja lonse kusiyana ndi kuphikira wodwala kamphika kakekake kozizira, kamene amakasiya pakapita masiku.

Mchere wina umabisala. Timabuloko ndi timapaketi tokometsera ndiwo gawo lake lalikulu ndi mchere. Nsomba zouma zothira mchere zimafuna kuviika ndi kutsuka musanaphike. Tchipisi ndi kanyenya wa pachiwaya, soseji, polony ndi buledi zili nawo wambiri. Soda wa m'sitolo amene timathira mu therere ali ndi sodium, yemweyo amene amapangitsa mchere kukweza BP. Masamba, nyemba ndi zipatso zimathandiza chifukwa cha potassium, koma amene impso zinafooka kale afunse kaye asanachulukitse nthochi ndi mapeyala, ndipo asagule mchere wa m'masitolo wolembedwa kuti ndi wa anthu a BP popanda kufunsa, chifukwa umakhala ndi potassium wambiri.

Zina n'zodziwika. Kilogalamu iliyonse imene munthu wonenepa wataya imatsitsa nambala yam'mwamba ndi pafupifupi 1. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku 5 pa mlungu kumathandiza shuga ndi BP nthawi imodzi. Mowa umakweza BP, ndipo ukakumana ndi glibenclamide kapena insulini pamimba yopanda kanthu umagwetsa shuga usiku. Fodya amamaliza mitsempha imene shuga anaiyamba kale. Adyo, mandimu ndi chamwamba ndi zakudya zabwino, idyani, koma palibe chimene chingalowe m'malo mwa mapiritsi. Mabotolo a zitsamba zosakaniza ogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi ndiwo oti muwaope, chifukwa zilizonse zili m'katimo zikadutsa mu impso zomwe zili kale pamavuto.

Amene alinso pa ma ARV

Anthu ambiri amene anayamba ma ARV zaka za m'mbuyomu tsopano ali m'zaka za m'ma 50 ndi 60, msinkhu wa shuga ndi BP. Kuyambira 2019 Malawi anasinthira ambiri ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagwira bwino ntchito koma amanenepetsa anthu ena, makamaka amayi. Dolutegravir amachititsanso kuti metformin achuluke m'magazi, choncho mlingo wa metformin umafuna kuunikidwa, ndipo tenofovir amene ali m'piritsi lomwelo la ma ARV amafuna kuti impso ziziyezedwa. Palibe chifukwa chosiyira ma ARV apa. Chofunika n'chakuti wa ku kliniki ya shuga adziwe zonse zimene mukumwa, ndipo wa ku ma ARV adziwenso za shuga ndi BP. Ku Neno, kuyambira 2015, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza makliniki amenewa kuti munthu azionedwa matenda ake onse tsiku limodzi pamalo amodzi. Kumene zinthu sizinafike pamenepo, wodwala mwiniwake ndiye amanyamula uthenga kuchoka khomo lina kupita lina, ndipo njira yosavuta ndi kutenga mapaketi onse a mankhwala ulendo uliwonse.

Mankhwala amatha nthawi zina m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo wodziwa dzina la piritsi lake ndi mamiligalamu ake amatha kugula ku famase olowa m'malo mwake, pamene wongodziwa kuti "kakang'ono koyera" amabwerera chimanjamanja. Amlodipine, HCTZ ndi enalapril ali m'gulu la mankhwala otsikirapo mtengo. Kamodzi pachaka pemphani zinthu zinayi ngakhale palibe wakukumbutsani: kuyeza puloteni mumkodzo, kuyeza creatinine m'magazi, kuunika kuseri kwa maso, ndi kuona mapazi mutavula nsapato. Ndipo apabanja adziwe kuti pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo ukalefuka mbali imodzi, kapena mawu akayamba kulowerera, ndi kuchipatala ola lomwelo, ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zochepa. Munthu wa shuga mtima umathanso kumugwira popanda kupweteka kwa pachifuwa kumene ena amamva. Amangoona befu, thukuta, nseru kapena kufooka kwadzidzidzi, ndipo shuga akayezedwa n'kupezeka kuti sanatsike, mtima ndiwo uyenera kuunikidwa.